Mlandu wa Mchere ndi Chifuwa cha Aphunzitsi

Fodya wa bambo anga analowa m'nyumba mwathu mwezi wa Meyi, chaka chotsatira chija boma latsopano linathetsa fizi ku pulayimale. Chifukwa chake chinali chomveka. Alimi ang'onoang'ono anali atangololedwa kumene kulima fodya wa bale, ndipo akuba anali atazindikira msanga kuti chigafa chilibe chitseko. Pamudzi pathu, kufupi ndi Mitundu, nyumba ya malata ndi loko inali yathu yokha. Bambo anabwera ndi ngolo, nati fodya agone pabalaza mpaka tsiku lopita ku okushoni. Mkamwini sawakaniza apongozi ake malo m'nyumba yomangidwa pa dothi lawo. Amuna anga anavula jekete nathandiza kutsitsa.

Tinali titangokwatirana kumene. Amuna anga kwawo ndi ku Nathenje. Anali mmodzi wa anyamata a Fomu 4 amene boma linawalemba mwachangu kuti akaphunzitse ana amene anasefukira m'sukulu. Analibe satifiketi ya uphunzitsi, ndipo ankadziwa kuti ntchito yongogwirizira imatha tsiku lililonse. Ine ndinkatola nkhani za m'dera lathu n'kumakapereka ku kanyuzipepala kena ka m'tauni, kamodzi mwa tija tinabadwa tambirimbiri matipate atabwera. Kunyumba tinkaitanana mwanthabwala. Ine ndinkati “aphunzitsi”, iwo ankati “atolankhani”.

Za mphumu anandiuza tisanakwatirane, titakhala m'mphepete mwa msewu waukulu ku Nathenje, maminibasi akuitanira anthu a ku Dedza. Inawayamba ali kusekondale yogonera konko, kutali ndi makolo. Anatulutsa m'thumba kabotolo kabuluu kopopera m'kamwa, kamene ankagula kusitolo ya mankhwala m'tauni, nandionetsa mobisa ngati chinthu chakuba.

“Musadzauze munthu,” anatero. “Ngakhale amayi anu. Ngakhale amayi anga.”

Zifukwa anali nazo. Anthu ankati mphumu ndi ya kumtundu, ndipo abale a mkazi akamva, nkhani ya ukwati imazilala. Ankatinso munthu wopopera mankhwala m'kamwa ndiye kuti wafika kumapeto, ndipo akayamba sasiya. Kusukulu nako, mphunzitsi wogwirizira wodziwika kuti ndi wodwaladwala akanakhala woyamba kuchotsedwa. Ndinalonjeza. Ndinkawakonda, komanso ndinali ndisanaonepo mphumu itagwira munthu.

Fodya wa bale akauma amafumbutuka. Ukamugwira, tizidutswa take timauluka n'kukhala pa chilichonse: pa makatani, pa mbale, m'mabulangete. Amayi ndi azichemwali anga ankabwera m'mawa kudzasankha, atakhala pabalaza pathu, kupatula masamba ofiira, achikasu ndi ong'ambika. Dzuwa likalowa pazenera unkaona fumbi likuyandama m'nyumba monse. Kusukulu amuna anga ankaphunzitsa pansi pa mtengo, pabwalo lopanda udzu, bolodi atalitsamiritsa pa thunthu, choko chikuwagwera kumaso. Kenaka chisanu cha mu Juni chinafika.

Chifuwa chinayamba ndi kutsokomola kwa m'mamawa, kouma, kosatulutsa kanthu. Kenaka m'chifuwa munayamba kulira, kaphokoso kopyapyala ngati ka mwana wa mphaka, makamaka potulutsa mpweya. Analeka kugona chagada, ankagona atatsamira khoma. Popita kusukulu ankaima pachulu cha panjira n'kumanamizira kumanga zingwe za nsapato. Kabotolo ankakagwiritsa ntchito kuseri kwa bafa, atayang'ana uku ndi uku. Katayamba kupepuka, anatenga mapiritsi akale amene anali nawo. Mapiritsiwo ankathandiza mochedwa, ndipo ankawanjenjemeretsa manja moti zilembo zawo pabolodi zinkapindika. Chakudya chinachepa pambale pawo. Kolala ya malaya inayamba kukhwepa.

“Aphunzitsi, tiwauze bambo amuchotse fodyayu,” ndinatero tsiku lina.

“Muwauze kuti chiyani? Kuti mkamwini wawo akuopa masamba?”

“Ndinena kuti akundinunkhira ine.”

“Inu, mwana wa mlimi wa fodya? Akufunsani kuti munaphunzira ndi chiyani. Zisiyeni, atolankhani. Galimoto ya ku okushoni ibwera posachedwa.”

Galimotoyo inachedwa. M'malo mwake kunabwera apongozi anga, amayi awo a amuna anga, atasenza dengu la mbatata. Anali mayi wamfupi, wamasiye, wosalankhula zambiri. Lachinayi ankavala yunifolomu ya amayi a kumpingo, koma miyambo ya makolo sanataye ngakhale umodzi, ndipo iwo sankaona kuti ziwirizi zimatsutsana. Masana onse anakhala pakhonde akuyang'ana mwana wawo: mmene ankakwezera mapewa popuma, mmene ankadulira mawu pakati, mmene anakankhira mbale. Madzulo ananditsatira kukhitchini. Ndinali kuphika nyemba. Ndinatapa mchere m'chitini n'kuthira.

“Apongozi,” anatero mofatsa, “mchere mumathira nokha masiku onse?”

“Inde, amayi.”

“Masiku onse?”

Ndinamva funsolo bwino lomwe, koma ndinangotakasa nyemba.

Wokulira m'tauni mwina sangaone chimene chinali m'funso limeneli. Kwathu amati mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amaitana mwana kuti adzathire. Akathira yekha, kapena akayenda ndi mwamuna wina n'kubwera kudzaphikira wa kunyumba, amamudula. Matendawo ndiwo mdulo, ndipo zizindikiro zake amati ndi chifuwa, kubanika ndi kuwonda. Mdulo sugwa wokha ngati malungo. Umakhala ndi mwini wake, ndipo mwamuna akadwala, mwini wake amakhala mkazi.

M'mawa mwake apongozi anati atenge mwana wawo akapume kwawo. Amuna anga anapempha masiku ochepa kwa ahedi, nanyamuka. Ku Nathenje apongozi ankalima chimanga ndi mtedza basi. M'nyumba mwawo munalibe tsamba la fodya ngakhale limodzi, ndipo kunalibe choko. Sabata isanathe chifuwa chinaleka kulira, anayamba kugona chagada ndi kumaliza chakudya. Apongozi anaona zoona zenizeni: mwana wawo akadya za mkazi wake amadwala, akadya za mayi wake amachira. Ndikanakhala ine, wosadziwa za kabotolo, kaya ndikanaganiza chiyani.

Uthenga unabwera kudzera kwa malume anga, amene anali nkhoswe yanga. Sanalowe m'nyumba. Anaima pabwalo atagwira njinga, nayang'ana kumbali.

“Akutifuna ku Nathenje Loweruka. Iwe, ine ndi mayi ako.”

“Kwagwanji, malume?”

“Ukakamva konko. Koma ngati pali chimene ukudziwa, undiuziretu. Sindifuna kukadzidzimuka pagulu.”

Ndinati palibe. Lachisanu ndinapita kutauni kukapereka nkhani, ndipo ndinagula kabotolo katsopano, poti kaja anapita nako kanali katatsala pang'ono kutha. Ndinakakulunga m'kampango n'kukaika pansi pa chikwama, kuti ndikawapatse mobisa.

Loweruka tinakwera matola mpaka pamphambano, kenaka minibasi. Titafika, amuna anakhala kumaso kwa nyumba pa mipando, akazi anatitengera kuseri, pafupi ndi nkhokwe. Ndinkayembekeza anthu atatu kapena anayi. Ndinapeza mphasa zitadzaza. Panali azakhali a amuna anga, azilamu, ndi amayi ena oyandikana nawo nyumba amene anabwera ndi mtedza woti aziswa kuti aoneke ngati ali ndi ntchito. Ine anandiyalira chiguduli pakati.

Wofunsa anali namkungwi wa m'mudzimo, mayi wamtali wowonda, wofwenkha fodya wa m'mphuno. Sanali wankhanza. Anali wanthabwala, ndipo zimenezo ndizo zinapweteka kwambiri.

“Mwanawe, unavinidwa?”

“Ndinalangizidwa kumpingo.”

“Kumpingo. Chabwino. Ndiye kumpingoko anakuuza kuti mchere ndi wa tsiku lililonse ngati pemphero?”

Amayi aja anaseka chamunsimunsi.

“Tandiuza. Ukakhala kumwezi, mchere amathira ndani?”

Ndikanatha kunama. Panalibe amene akanandigwira. Koma ndinali nditasenza kale bodza limodzi m'chikwama, ndipo lachiwiri linandikanika.

“Ndimathira ndekha.”

Amayi anga anakoka mpango wawo n'kuphimba kukamwa. Iwo anandiphunzitsa mwambowo ndili mtsikana, ndipo ndinausiya ndili kusekondale osawauza. Tsopano mudzi wa eni unamva kuti mwana wawo sanaleredwe. Zinthu zimene ngakhale amuna anga sindinkakamba nawo poyera zinali kukambidwa pamaso pa anthu oswa mtedza.

“Chimenecho ndi chimodzi,” anatero namkungwi. “Tamva kuti umapitapita kutauni. Kumakatani?”

“Kukapereka nkhani kunyuzipepala.”

“Kwa ndani?”

“Kwa mkonzi.”

“Mkonziyo amavala chitenje kapena thalauza?”

“Thalauza.”

“Nanga dzuwa likakulowera?”

“Ndimagona kwa msuweni wanga.”

“Msuweni.” Anafwenkha fodya, napukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. “Masiku ano a matipate asuweni achuluka. Aliyense akuti ali ndi ufulu. Nkhani zakozo sizingapite ndi kondakitala wa minibasi?”

Apa anaseka momasuka. Apongozi okha sanaseke. Anati, “Ine sindikufuna kumunyoza mwanayu. Ndikufuna mwana wanga akhale moyo. Ngati walakwa anene, tikonze.”

Ndinapempha kuti ndionane ndi amuna anga. Anatilola kuima pambali pa khola la mbuzi, pomwe aliyense ankationa koma osatimva. Ankaoneka bwino, nkhope itabwerera.

“Munena inu, kapena ndinene ine?” ndinafunsa.

“Pirirani pang'ono. Vomerani za mcherezo, atipatse mizu yawoyo, zithe. Mizu singatiphe.”

“Za mchere ndavomera kale. Tsopano akufunsa za amuna a m'tauni.”

Anayang'ana pansi, nakumba dothi ndi chala cha phazi.

“Malume anga ali apo, malume anu ali apo,” anatero. “Pa chinkhoswe anafunsa ngati ndili ndi vuto lililonse, ife tinati palibe. Lero ndikaime pamaso pawo n'kunena kuti tinanama? Chonde, mayi. Lero lokha.”

Sindinawapatse kabotolo, poti maso onse anali pa ife. Ndinabwerera pachiguduli changa. Ndinati za mchere ndalakwa, koma mwamuna wina sindimudziwa. Namkungwi anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva zimenezi kambirimbiri. Anagamula kuti wodwala afukizidwe tsiku lomwelo, kenaka ine ndiphike phala, ndithiremo mankhwala ndi mchere ndi dzanja langa, ndimudyetse. Akachira ndiye kuti unali mchere. Chifuwa chikabwerera ndiye kuti pali zimene ndabisa, ndipo ankhoswe adzakhalanso pansi.

Ndinadziwa pomwepo kuti ndaluza. Fodya anali akadali pabalaza ku Mitundu, ndipo chifuwa chinali choti chibwerera basi.

Kufukizako kunachitikira m'khitchini ya apongozi, kanyumba ka udzu kopanda zenera, dzuwa litapendeka. Namkungwi anaika makala a moto pa phale, nathirapo masamba ouma ndi tizidutswa ta mizu. Utsi woyera, wolemera, unakwera. Amuna anga anavula malaya n'kukhala pa mpando wachidule, phale lili pakati pa miyendo yawo. Anandiyang'ana kamodzi. Ndikukhulupirira kuti mphindi imeneyo ndi pamene anazindikira kuti mankhwalawo si akumwa ayi. Koma malume awo anali ataima pakhomo, ndipo amuna anga anawerama. Anawafunditsa bulangete mutu wonse. Ine, monga wolakwa, anandiuza kuti ndigwire m'mphepete mwake kuti utsi usathawe.

Ndinagwira. Ndinamva kutsokomola koyamba, kwachiwiri, kenaka kaphokoso ka mphaka kaja kanayamba.

“Mwamva?” anatero namkungwi. “Ndiye akutuluka ameneyo. Gwira zolimba, mwanawe.”

Kulirako kunakula mpaka anthu a panja anakumva. Bulangete linkakwera ndi kutsika m'manja mwanga. Kenaka phokoso linayamba kuchepa. Apongozi anapumira m'mwamba, nati, “Zikomo Ambuye, chikuphwa.” Koma bulangete linali likukwerabe ndi kutsika, mofulumira kuposa poyamba. Amuna anga anali atandiuzapo kale kuti chifuwa chikamalira ndiye kuti mpweya ukudutsabe, koma chikakhala chete munthu akuvutikabe, njira zatsekeka.

Ndinakoka bulangete n'kulitaya pakhomo. Milomo yawo inali itatuwa. Khungu la pakhosi ndi la pakati pa nthiti linkalowa m'kati akamakoka mpweya. Anayesa kulankhula koma liwu silinathe. Ndinawagwira m'khwapa, malume anga anathandiza, tinawatulutsira pabwalo n'kuwakhazika tsonga atatsamira khoma, thupi litaweramira kutsogolo pang'ono. Ndinakhuthula chikwama changa pansi. Chipeso, kope, sopo ndi nsalu zanga za m'kati zinamwazika pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Ndinamasula kampango kaja, ndinakhutchumula kabotolo.

Sindinawakakamize. Anatambasula dzanja okha.

Anapopera, nadikira, napoperanso. Azakhali ena anafunsa monong'ona ngati ndi mankhwala a kwa sing'anga wa m'tauni.

“Ndi mphumu,” ndinatero. Mawu anga anatuluka mokweza kuposa mmene ndinkafunira. “Ali nayo kuyambira kusekondale. Si mchere. Ndi fodya ali m'nyumba mwathu, ndi utsi uwu.”

Kabotolo kanathandiza, koma osati mokwanira. Alamu anga anathamangira kumsewu kukaimitsa galimoto ya matola, ndipo tinawatengera kuchipatala chapafupi. Kumeneko anawabaya jakisoni n'kuwagoneka atatsamira mapilo. Patapita kanthawi mtundu wa milomo unabwerera, ndipo anatha kunena chiganizo chonse. Chiganizo chake chinali chopempha malaya awo.

Amene anatithandiza anali bambo wachikulire wa magalasi, tonse tinkangoti adokotala. Anatiitana ine, apongozi ndi malume anga. Sanakalipe. Anatenga pepala n'kulipinda ngati kampope.

“M'mapapo muli tinjira ta mpweya ngati aka,” anatero. “Kwa munthu wa mphumu tinjirati timakwiya msanga. Fumbi, utsi, chisanu, chimfine, ngakhale fungo lamphamvu, zikamupeza timatupa m'kati n'kufinyika.” Anafinya pepalalo ndi zala. “Mpweya ukamadutsa pothina pamenepa ndiye kulira mumamva kuja. Kabotolo kamamasula tinjirato. Si ka munthu woti akufa, ndipo sikazolowereka ngati fodya. Koopsa ndi kukhala opanda iko.”

“Imapatsirana?” anafunsa malume.

“Ayi. Mutha kudyera mbale imodzi. Ena imayenda m'banja, ena ayi.”

“Nanga imachizika?” anafunsa apongozi.

“Yotheratu, ayi, mayi. Koma munthu amakalamba nayo akamapewa zoiputa ndi kukhala ndi mankhwala pafupi. Akabanika, mukhazikeni tsonga pamalo popita mphepo, apopere. Zikapanda kusintha, kapena akamalephera kumaliza mawu, bwerani naye msangamsanga. Kufukiza ndi utsi musadzayerekezenso.” Anatembenukira kwa ine. “Kunyumba kwabwera chiyani chachilendo miyezi ino?”

“Fodya. Ali pabalaza.”

“Mukugona ndi fodya m'nyumba, mukudziwa kuti bambowa ali ndi mphumu?”

Ndinati inde. Anachotsa magalasi, nawapukuta.

Apongozi anazengereza, kenaka anafunsa motsitsa mawu, “Nanga mchere?”

“Mchere wa m'ndiwo? Azidya monga mwa masiku onse.”

Sanamve chimene ankafunsidwa, kapena anamva koma anasankha kuyankha choncho. Sindidziwa mpaka lero.

Ndinkaganiza kuti choonadi chikadziwika manyazi achoka pa ine. Sanachoke, anangosintha malo okhala. Panja pa chipatala apongozi anandiyandikira, maso ali ofiira.

“Mwanayu ndinabereka ndine,” anatero. “Lero ndamva za thupi lake pamodzi ndi anthu oswa mtedza. Ndipo ndikanamupha ndi manja angawa, inu mutagwirizira bulangete.”

Bulangete ndinagwiradi.

Amayi anga anadikira mpaka titatsika minibasi pamphambano. “Unalolera kuti ndikhale pamphasa paja, anthu akundiseka, chifukwa cha kabotolo?” anatero. “Ukanandinong'oneza ine, fodya uja akanachoka tsiku lomwelo, bambo ako osadziwa chifukwa chake. Amayi timadziwa kuchotsa zinthu m'nyumba.” Zimenezi ndinali ndisanaziganizeko n'komwe.

Lolemba bambo anatumiza ngolo. Iwo sanabwere. Fodya anapita kwa malume, ndipo anyamata ankagona pakhomo kumulondera. Ine ndinachapa makatani ndi mabulangete, ndinakolopa pansi ndi pamwamba pa zitseko ndi nsanza yonyowa, poti kusesa kukanangoulutsa fumbi. Patapita masiku bambo anakumana ndi mkamwini wawo panjira, nati, “Mukanangonena, aphunzitsi. Fodya si munthu.” Amuna anga anati mawu amenewo anawapweteka kuposa jakisoni.

Amuna anga anakawauza okha ahedi za mphumuyo, poti nkhani inali itafika kale kusukulu. Ntchito sinathe. Anawapatsa kalasi ya m'chipinda, ndipo anayamba kufufuta bolodi ndi kansalu konyowa. M'mawa wa chisanu ankaphimba mphuno ndi sikafu. Kuphika ndinasamutsira kutali ndi zenera la kuchipinda. Kabotolo kanachoka kuseri kwa bafa n'kukhala m'thumba la malaya, pambali pa bolopeni, ndipo ana a sukulu anakazolowera msanga kuposa akuluakulu. Patapita zaka anapeza kabotolo kachiwiri, kopopera tsiku ndi tsiku ngakhale ali bwino, kamene kamaletsa tinjira tija kutupa. Kuyambira pamenepo Juni anasanduka mwezi wamba.

Pakati pa ine ndi amuna anga panazizira kwa kanthawi. Ndinkawaphikira, ndinkawachapira, koma dzina loti aphunzitsi linandichoka pakamwa. Tsiku lina tikudya anati, “Pakhola la mbuzi paja ndinayenera kulankhula ndine.” Ndinati inde. Sitinabwerezenso.

Dzina langa ku Nathenje silinayere msanga. Ena ankati mphumu ilipodi, koma anaidzutsa ndi mdulo. Ndikatsika minibasi, amayi ogulitsa tomato ankatsinana. Ndinkapita kwa apongozi pokhapokha pakakhala chifukwa, ndipo ndikafika ndinkasankha ntchito zakutali ndi moto: kutunga madzi, kutsuka mbale, kusesa pabwalo. Apongozi sanapepese, ine sindinapepese. Akamaphika ine ndili pomwepo, chitini cha mchere ankachisunga pafupi ndi phazi lawo.

Mvula itayandikira kunali mwambo woika mwala pamanda a apongozi anga aamuna, ndipo mudzi wonse unasonkhana. Akazi tinali kuseri kuja, pamalo pomwe panali chiguduli changa. Miphika ikuluikulu inali pamoto. Ine ndinali kudula kabichi chapatali. Namkungwi uja anali pomwepo, akulamula za nkhuni.

Nyama itafewa, apongozi anatola chitini cha mchere. Anaima nacho kanthawi. Ndinawaona akuyang'ana kumene ana ankasewera, ngati akufuna kuitana mmodzi. Kenaka anatembenuka, nalankhula mokweza kuti mphasa zonse zimve.

“Apongozi, tabwerani mudzathire mchere. Manja angawa ali ndi phulusa.”

Manja awo anali oyera. Mipeni inaleka kudula. Ndinadzuka, ndinapukuta manja pachitenje, ndinayenda mtunda waufupi umene unanditalikira kwambiri.

“Osamufunsa kaye kalendala?” anatero namkungwi.

“Ndamufunsa kale zambiri mwanayu,” anayankha apongozi. “Zakwana.”

Ndinalandira chitini. Ndinachipendeketsa pamphika, ndipo mchere unakhuthuka wambiri kuposa umene ndinkafuna. Aliyense anaona. Apongozi anatakasa, nalawa, nkhope yawo osasintha, nati zili bwino.

Nyamayo inawawa mchere. Amuna a kumaso kwa nyumba anadya akumwera madzi, ndipo mtsuko unatha kawiri. Ine ndinadya nditayang'ana m'mbale. Pobwerera, tikudikira minibasi pamsewu, amuna anga anagwira pathumba la malaya kuona ngati kabotolo kalipo, nandiyang'ana cham'mbali.

“Atolankhani, mchere uja mukanadula nawo mudzi wonse.”

“Khalani chete, aphunzitsi,” ndinatero, “mungabanike.”